Sedula ya Deolinda

Pakhomo pa mayi Lucy, ku bairo ya Filipe Samuel Magaia, limodzi mwa madera a mzinda wa Tete, panali atsikana awiri ndi sedula imodzi. Sedula ndi kabuku kaja boma limapereka mwana akalembetsedwa, momwe mumakhala dzina lake, tsiku lobadwa ndi maina a makolo ake. Kabuku ka pakhomo apa kanali ka Deolinda, mwana wa malemu Belinha, mkulu wawo wa mayi Lucy. Koma amene ankayenda nako, n'kumayankha dzina limenelo kusukulu ndi m'maofesi, anali Lyness, mwana wobereka mayi Lucy eni ake.

Sizinayambe ngati kuba. Lyness anabadwira ku Mwanza, m'dziko la Malawi, kumene mayi ake anakwatiwa ndi woyendetsa malole. Bamboyo tsiku lina anapita ku Joni ndi katundu wa bwana wake, lole n'kubwerera koma iye ayi. Mayi Lucy anamanga kamtolo n'kudzakhala kwa mkulu wawo ku Tete, pambuyo pali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wopanda pepala lililonse losonyeza kuti anabadwa. Anapeza mayi Belinha atagona kale pamphasa, ndipo Deolinda, amene anali wamkulu kwa Lyness ndi chaka chimodzi, atasiya sukulu kuti aziwatungira madzi ndi kuwatembenuza.

Kusukulu anafuna sedula. Amayi awiriwo anakambirana, wina atagona wina atakhala, ndipo sanaone chovuta. Kwa iwo mwana wa mkulu ndi mwana wa mng'ono ndi ana a nyumba imodzi, ndipo chinthu cha m'nyumba, kaya ndi sefa kaya ndi khasu, amatenga ndi amene akuchifuna tsikulo. Pepala lingogona m'sutikesi pamene mwana akukhala pakhomo osaphunzira?

"Abwereke kaye," anatero mayi Belinha. "Ndikachira adzabweza."

Sanachire. Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa. Lyness anamaliza kalasi yotsiriza ya sekondale, anatenga bilyeti, chitupa cha nzika chokhala ndi nkhope yake ndi zala zake koma dzina la Deolinda Jositala, ndipo tsopano ankadikira mayeso olowera kusukulu ya unamwino. Deolinda mwini dzina anakulira m'dimba la ku Nhartanda, akuthirira letesi ndi anyezi, ndipo kumeneko palibe anamufunsapo pepala.

Ku bairo ya Josina Machel kunali bungwe lachifundo lotchedwa Mthunzi wa Msau, koma dzina limeneli linkadziwika ndi chikwangwani chokha. Anthu ankangoti ku Fundasau. Kwa zaka zisanu bungweli linakhala likuphunzitsa achinyamata osowa ntchito kuphika makeke, mpaka m'Tete munachuluka ophika makeke kuposa maukwati. Eni thandizo a kunja atatopa nazo analamula kuti pakhale bwalo la achinyamata loti lizilangiza bungwe pa ntchito zake. A Dona Marcelina, mkulu wa bungwelo, mayi wachinyungwe amene anakhalapo mphunzitsi zaka makumi awiri, lamulolo sanalikonde, koma analitsatira osasiyako kanthu, monga ankachitira ndi lamulo lililonse. Anasankha achinyamata asanu ndi awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali Lyness, amene kumeneko ankamudziwa kuti Deolinda.

Miyezi itatu yoyamba alangiziwo anagwira ntchito yotamandika: ankavomera chilichonse. Mwana woleredwa bwino satsutsa mayi amene wamupatsa mpando, chakumwa chozizira ndi mabisiketi, makamaka m'chipinda chokhala ndi makina oziziritsa mpweya, chinthu chimene munthu wa ku Tete sachita nacho chibwana. A Dona Marcelina atatopa ndi kugwedeza mitu kuja anasintha njira. Ankawasiyira pepala lalikulu ndi cholembera, n'kutuluka, kuti abweranso pakatha ola limodzi. Chitseko chikangotsekedwa pakamwa pankatseguka.

Clinton, wapampando wawo, mnyamata wophunzira zamalamulo amene ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, ankafuna maphunziro a kompyuta. Lyness anati kompyuta ilibe vuto, koma apite kaye ku Nhartanda akaone. Kumeneko madimba amadalira motobomba, kainjini kopopa madzi, ndipo kakangofa masamba amafota m'masiku atatu mwini akudikira makaniko. Anatinso mumzinda monse mafiriji akufa ndi kutentha, ndipo owakonza ndi owerengeka. Anapempha maphunziro okonza makina amenewa, n'kuwonjezera kuti azichitika m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi chokha, chifukwa amene akusowa ntchito kwambiri ndi omwewo anasiyira sukulu panjira. Anzake anagwirizana nazo, a Dona Marcelina analemba kalata, ndipo kunja kuja anavomera.

Zonsezi Lyness ankanena akuganiza za mkulu wake. Deolinda anali ndi manja omva zitsulo. Ndi sipanala yobwereka komanso mpeni wakukhitchini ankamasula motobomba ya mwini dimba n'kuibwezera ikulira, ndipo amuna a madimba oyandikana ankamuitana mwakachetechete, kuopa kuti anzawo angawaseke. Lyness ankafuna kumupezera satifiketi. Sanaganize kuti akudzitchera yekha msampha.

Loweruka lina m'mawa anatsikira ku Nhartanda kukasiya chakudya. Anapeza Deolinda atanyonyomala pafupi ndi chitsime, manja ali bii ndi mafuta, akupukuta kachitsulo ndi nsonga ya chitenje.

"Akuti kursu ija ayamba kulembetsa," anatero Deolinda osadzutsa mutu, kunena maphunziro aja.

"Eya, Mana," anatero Lyness, monga ankaitanira mkulu wakeyo. "Ndine ndinaipempha."

"Ndamva. Ndamvanso kuti aliyense abwere ndi fotokopya ya bilyeti kapena ya sedula."

Lyness anaika kadengu pansi. Chikalata cholengeza maphunzirowo anachiwerenga iye mwini asanachimate m'misika, ndipo mzere umenewo anaudutsa monga munthu amadutsira mtengo wa pakhomo pake. Mwana amene wakula ndi pepala saona kuti pepala ndi chinthu.

"Ndiye undibwezere," anatero Deolinda.

Sananene mokalipa. Ananena monga mmene munthu amaitanitsira poto wake kwa mnansi, alendo akabwera. Kenaka anabwezera kachitsulo kaja m'malo mwake, anakoka chingwe, injini n'kulira, ndipo kunalibenso kolankhulira.

Pokwera mtunda kubwerera kunyumba Lyness anaiwerengetsera nkhaniyo mbali zonse. Kabukuko akanatha kukatulutsa m'sutikesi tsiku lomwelo. Koma pa kabukuko panali patapachikidwa zonse: masatifiketi ake, bilyeti, dzina lake pamndandanda wa mayeso a unamwino, mpando wake ku Fundasau. Anthu awiri sakanayenda ndi dzina limodzi, mayi mmodzi ndi tsiku lobadwa limodzi mumzinda waung'ono ngati Tete. Kubweza kunatanthauza kukaima pamaso pa akuluakulu n'kuwauza kuti amene anakhoza mayeso onse aja kulibe. Anachita mantha, ndipo pansi pa manthawo panali kamkwiyo kopanda chifukwa, kaja munthu amakhala nako kwa amene wamukumbutsa chilungamo.

Mayi Lucy anaimva nkhaniyo akusankha nyemba pakhonde.

"Inu ana musandipweteketse mutu," anatero. "Pepala ndi pepala basi. Mkulu wanga anapereka yekha, ine ndinalipo."

"Anati ndibwereke, Mama."

"Ndiye ukufuna utaye zaka dozi za sukulu, khumi ndi ziwiri zathunthu, chifukwa cha motobomba? Deolinda ndi mwana wanga, iwe ndiwe mwana wanga. Ndikhala naye pansi."

Anakhala naye pansi madzulo ake, ndipo Deolinda anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, chifukwa amayiwo ndiwo anamulera. Atamaliza iye anangoti, "Ndamva, Mama. Koma kursuyo ndikuifuna." Panathera pamenepo, aliyense n'kupita kukagwira zake.

Msonkhano wotsatira a Dona Marcelina sanatuluke m'chipinda. Anaima ndi pepala m'manja n'kunena m'Chipwitikizi chawo chosalala kuti malo analipo makumi atatu, koma patatha milungu itatu olembetsa anali asanu ndi anayi, ndipo mwa iwo asanu anali omwe aja anaphunzira kale makeke.

"Maganizowa anali anu," anatero. "Mundiuze kuti anthu ali kuti."

Clinton anati vuto ndi kulengeza, pafunika wailesi. Carla, mtsikana wa ku tchalitchi cha pafupi, anati mwina ndi dzuwa, makalasi asamakhale masana. Wina anati achinyamata a masiku ano ndi aulesi, ngakhale iye anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Onse atatha, Lyness anakweza dzanja.

"Ndi mapepala, Dona. Ambiri alibe."

"Alibe bwanji? Munthu wamkulu?"

"Ena anabadwira ku Malawi. Ena makolo awo anabwerako nkhondo itatha, iwonso opanda mapepala, ndiye mwana akanamulembetsa ndi chiyani? Ena mapepala awo anapita ndi madzi osefukira. Akaona mzere uja wa fotokopya amangobwerera, safunsa n'komwe."

"Ukudziwa bwanji zimenezi, Deolinda?"

"Ndimakhala nawo, Dona."

A Dona Marcelina sanali munthu wokhulupirira za m'kamwa. Anawapatsa alangiziwo mlungu umodzi kuti akayende m'mabairo atatu n'kubwera ndi manambala. Anayendadi, dzuwa likuswa mtengo, Clinton tayi atailowetsa m'thumba. M'madimba a ku Nhartanda ndi m'misika anapeza achinyamata oposa zana amene ankafuna maphunzirowo, ndipo oposa theka analibe sedula kapena bilyeti. Clinton anabwerako atasintha nyimbo, n'kuyamba kulankhula za nkhaniyo ngati anaitulukira yekha. Lyness sanadandaule nazo. Iye ankangofuna chinthu chimodzi, kuti mzere wa fotokopya uja uchotsedwe, Deolinda alowe m'kalasi popanda womufunsa kanthu, sedula ikhalebe m'sutikesi.

Bwalo lonse linalemba langizo limenelo n'kusainira.

A Dona Marcelina analiwerenga kawiri. "Langizo labwino," anatero, "koma theka lake sindingathe. Eni thandizo amafuna nambala ya chitupa ya wophunzira aliyense. Ndipo satifiketi ndiilemba m'dzina la ndani, ngati munthuyo boma silimudziwa? Akatuluka pano adzakagwa pakhomo lotsatira." Anavula magalasi. "Tichite chonchi. M'malo mochotsa mzerewo, tiwapezere mapepalawo."

Anayenda m'maofesi milungu iwiri, ndipo amayi aja akafuna chinthu m'ofesi, wa m'ofesiyo ndiye ankayamba kutopa. Anabwerako atagwirizana ndi olembetsa anthu kuti adzakhale pabwalo la Fundasau masiku awiri, Lachinayi ndi Lachisanu, maphunziro asanayambe Lolemba lake. Dongosolo la masiku awiriwo linali lakuti amene wabwera ndi kholo lamoyo lokhala ndi bilyeti alembetsedwa pompo. Amene makolo ake anamwalira nkhani yake itumizidwa kukafufuzidwa kumene anabadwira, ndipo zimenezo zimatenga miyezi.

Alangizi anaomba m'manja. Lyness naye anaomba, koma m'mutu mwake nkhani inali itafika kale kunyumba. Deolinda anabadwira ku Ulongwe, ku Angonia. Kafukufuku akanapita kumeneko, n'kutsegula buku, n'kupeza kuti mwana wa Belinha Jositala analembetsedwa kale ndipo ali ndi bilyeti. Kenaka akanafunsa kuti nanga uyu ndani, ndipo ku Ulongwe kunali azakhali ndi amalume odziwa bwino nkhope ya Deolinda weniweni.

Njira ina anaiona ndi mayi Lucy, mwachangu ngati kuti anali atainyamula m'thumba zaka zonsezi.

"Nanga si zaphweka? Ine bilyeti ndili nayo, ndinatenga chaka cha masankho. Dzina la Lyness silinalembedwe paliponse, langokhala. Deolinda alitenge. Ndikaima pamenepo ndinene kuti uyu ndi mwana wanga, anabadwira kumudzi. Ndanama pati? Si mwana wanga?"

Anali masana a Lamulungu, atakhala atatu pamthunzi wa khoma. Deolinda anayang'ana zikhadabo zake kwa nthawi.

"Tandibweretsera sedula ija ndiione," Deolinda anauza Lyness.

Lyness analowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku kaja, kotha m'makona, kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga. Deolinda kuwerenga ankakudziwa pang'ono, kogwiragwira. Anatsegula, anadutsa dzina lake osaima, n'kuika chala pamzere wa m'munsi.

"Dzinalo tenga, ndilibe nalo ntchito," anatero. "Ku dimba amanditchula Mana, kumsika amanditchula wa letesi. Koma apa palembedwa kuti Belinha anabereka mwana. Manda awo alibe mtanda, foto palibe. Ndi pano pokha pamene ine ndi amayi tili pamodzi."

"Pepalalo silikupita kulikonse," anatero mayi Lucy. "Likhala m'nyumba muno."

"Likhala, koma lizinena kuti anabereka uyu."

Deolinda anatseka kabukuko n'kukabwezera m'manja mwa Lyness, bwinobwino, ndi manja awiri.

"Ine sindikakunenera kulikonse," anatero. "Ukakawauza wekha mabwana akowo, ndidikira kafukufuku, ngakhale kursu indipite chaka chino. Ukapanda kuwauza, Lachinayi ndipita ndi Mama. Usankhe ndiwe, poti ndiwe mlangizi."

Mawu omalizawo anali ndi kamunga, ndipo kanamulasa.

Lachiwiri Lyness anapita ku Fundasau atatsimikiza mtima. Njira yonse ankayeseza mawu: Dona, ine dzina langa si Deolinda. M'Chipwitikizi ankamveka aafupi ndi osavuta. Anagogoda, analowa, anakhala pampando wa alendo, manja pamaondo.

"Wabwera bwino, ndimati ndikuitanitse," anatero a Dona Marcelina. Anatulutsa envulopu m'kabati. "Iyi ndi kalata yokuchitira umboni ku sukulu ya unamwino. Sindilembera aliyense. Ndanenamo kuti m'zaka zanga zonse sindinaone mwana woona zinthu monga iwe, ndiponso wonena zoona pamaso pa akulu ngakhale zili zowawa." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ana oposa makumi asanu apeza mapepala chifukwa iwe unatsegula pakamwa. Unali ndi nkhani?"

Lyness anayang'ana envulopuyo. Ankawadziwa amayiwa. Akanamumvera chisoni chenicheni, mwina akanagwetsa ndi misozi, kenaka akanatenga foni n'kuchita zimene lamulo likunena, pakuti sanadziwe njira ina yokhalira munthu.

"Ndimafuna kufunsa za Lachinayi, Dona. Tibwere ora yanji?"

"Seveni koloko m'mawa. Iwe ukhala pa tebulo la olembetsa. Bambo wolembetsayo ndi wa ku Quelimane, Chinyanja sachimva. Uziwamasulira."

Anatuluka envulopu ili m'manja. Panja kutentha kunamulandira ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. Kunyumba Deolinda sanamufunse kanthu. Anangomuyang'ana polowa, anaona envulopu, n'kupitiriza kumanga masamba a mawa m'mitolo.

Lachinayi bwalo la Fundasau linadzaza dzuwa lisanakwere. Kunali anyamata a m'madimba atasamba mpaka kuyera m'zigongono, atsikana obereka ana kumbuyo, makolo atagwira mabilyeti awo ndi manja awiri. Clinton ankayendetsa mzere ndi chimkuzamawu chimene sichinkafunika. A Dona Marcelina ankazungulira ndi wojambula zithunzi, chifukwa eni thandizo amakhulupirira chimene aona. Pansi pa tenti panakhala bambo wolembetsa, wonenepa, wofatsa, thaulo paphewa, ndipo pambali pake panakhala Lyness. Mafunso anali omwewo kwa aliyense: dzina, chaka, kumene unabadwira, dzina la mayi, dzina la bambo. Bamboyo ankafunsa m'Chipwitikizi, Lyness n'kutembenuza, yankho n'kulibwezera. Pofika munthu wa makumi awiri pakamwa pake pankangoyenda pokha.

Deolinda ndi mayi Lucy anafika patebulo cha m'ma leveni. Deolinda anavala bulauzi yake ya kutchalitchi, koma mafuta a injini m'mizere ya zala sanachoke. Mayi Lucy anapereka bilyeti yawo asanafunsidwe. Bamboyo anaiyang'ana, anaiika pambali, anatenga fomu yatsopano.

"Mufunse dzina."

"Dzina lanu ndani?" anatero Lyness, maso ali patebulo.

"Lyness," anatero Deolinda. Linatuluka mosavuta. Ndi dzina limene anakhala akuliitana tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Bamboyo analemba. Chaka analemba, mudzi analemba. Anapukuta khosi ndi thaulo.

"Dzina la mayi."

Akanatha kungokopera pa bilyeti ija, koma anali munthu wa dongosolo, wofuna kumva kuchokera pakamwa pa mwini. Lyness anatembenuza funsolo.

"Akuti dzina la amayi anu."

Deolinda anadzutsa mutu n'kumuyang'ana m'maso, koyamba chiyambire Lamulungu. Analankhula motsitsa, m'Chinyanja cha kunyumba.

"Iwe amayi anga ukuwadziwa. Unkagona kumiyendo kwawo. Tsiku lomaliza lija madzi anamwa a m'kapu yako. Ine pakamwa panga sipanena dzina lina ayi. Muuze iweyo."

Mayi Lucy anakonza mpango wawo n'kuyang'ana kumsewu. Kumbuyo mwana wina ankalira, ndipo Clinton ankauza anthu kuti asapanikizane. Bambo uja anadikira, cholembera chili m'mwamba, kenaka anatembenukira kwa womasulira wake.

"Wati chiyani? Yankho lonseli ndi dzina?"

Apa Lyness anali ndi mpata wokwanira. A Dona Marcelina anali chapafupi, mayadi asanu okha. Mkulu wake anali atamutsegulira khomo kachiwiri, pamaso pa anthu, ndipo sanamukankhe. Lyness anachita manyazi aakulu, oti sanawamvepo chibadwire. Koma manyazi sanamuletse.

"Akuti Lucy Jositala," anatero m'Chipwitikizi. "Ndi amayi aimawa."

Bamboyo analemba, anafananitsa ndi bilyeti, anagwedeza mutu. Pa dzina la bambo mayi Lucy anayankha okha, n'kutchula woyendetsa malole uja. Deolinda anapereka chala chake chachikulu, anachidinda pa inki, anachidinda papepala. Kapepala kolandirira anakapinda osakayang'ana n'kukalowetsa m'bulauzi. Anathokoza bambo uja ndi kuwerama pang'ono, monga analeredwera, ndipo ananyamuka kulowera kuchipata mayi Lucy akumutsatira mofulumira.

Lyness anamuyang'ana mpaka anatuluka. Ankayembekeza kuti atembenuka, ngakhale kumuyang'ana moipa, koma Deolinda sanatembenuke.

"Menina," anatero bambo uja poitana Lyness, akugogoda tebulo ndi cholembera. "Anthu akudikira."

Patsogolo pake panali pataima kale mnyamata wamtali ndi amayi ake okalamba, onse akumwetulira. Lyness anakoka mpando, anawalonjera, n'kufunsa mnyamatayo dzina lake.